Khola la ku London ndi buku lake la ndalama

Amayi ndi abambo a m'kopelativa,

Sabata yatha, pa phunziro la masamu, tinalemba pa bolodi mawu akuti phindu. Tinafunsa kuti, kodi ilipo ntchito imene munthu amagwira osayembekeza phindu? Agogo ena aamuna anayankha msangamsanga. Anati, "Ilipo. Kupirikitsa anyani m'munda mwa apongozi." Tonse tinafa nako kuseka. Koma funso lija silinathe. Ndiye lero tabwera nalo m'buku, kuti tiliwerenge pang'onopang'ono.

Kutali ku England, mumzinda wa London, kuli malo amene amasungako nyama zakutchire. Dzina lake ndi London Zoo. Apwitikizi malo otere amawatcha jardim zoológico. Ife tizingoti khola, pakuti ndi khola ndithu. Muli mikango, anyamalikiti, ng'ona, anyani, njoka, mbalame, ngakhale akangaude ndi nkhono. Anthu amalipira pa chipata kuti akaone nyamazo.

Mwini khola ndani? Si boma ayi. Si munthu mmodzi wolemeranso ayi. Mwini wake ndi bungwe lotchedwa Zoological Society of London, mwachidule ZSL. Bungweli lili ndi mamembala ndi komiti, monga ife. Koma pali kusiyana kumodzi kwakukulu. Ife tikagulitsa kachewere ndi nyemba, timabweza ngongole, timapatula za mbewu, zotsalazo timagawana. Iwo sagawana. Lamulo la dziko lawo silola. Ndalama ikatsala imabwerera ku ntchito ya nyama. N'chifukwa chake amati ndi bungwe losagwirira ntchito phindu.

Ife aphunzitsi anu maganizo athu ndi awa. Ntchito yotere ndi yoyenera, koma si khola lililonse loyenera. Khola liyesedwe ndi mafunso awiri. Kodi nyama zimene limasunga zimathandiza nyama za m'tchire? Kodi buku lake la ndalama munthu wamba angaliwerenge? Tiyeni tione ngati la ku London likhoza mayeso amenewa.

Chiyambi chake sichinali choyera

Bungweli linayamba mu 1826. Woyambitsa wake wamkulu anali Stamford Raffles, bwanamkubwa wa atsamunda a Chingerezi ku maiko a kum'mawa. Iyeyo anamwalira chaka chomwecho. Khola linatsegulidwa mu 1828, koma olowa anali mamembala ndi alendo awo basi. Mmphawi ankangomva kubangula kwa mkango ali kunja kwa mpanda. Mu 1847 ndi pamene anatsegulira munthu aliyense wolipira. Tengani pensulo. Chotsani 1828 mu 1847. Zatsala zaka 19. Ndipo musaganize kuti anatsegula chifukwa cha chifundo. Ndalama zinali zitawachepera.

Nyama zambiri za nthawi imeneyo zinkagwidwa kutchire m'maiko olamulidwa ndi atsamunda, n'kukwezedwa m'sitima zapamadzi. Zambiri zinkafera m'njira. Imvani za njovu ina dzina lake Jumbo. Inagwidwa ili mwana cha ku Sudan, alenje atapha make. Inayamba yakhala ku Paris, ndipo mu 1865 inafika ku London. Ana ankakwera pamsana pake. Itakula inayamba kulusa, usiku n'kumaphwanya nyumba yake. Mu 1882 bungwe linaigulitsa pa mtengo wa mapaundi 2,000 kwa P. T. Barnum, munthu wa ku America wa masewera oyendayenda. Anthu a ku London anadandaula, ana analemba makalata, koma njovu inapita. Mu 1885 inagundidwa ndi sitima yapamtunda ku Canada, n'kufa.

Nkhani imeneyi sitiibisa. Khola limene linachita zimenezi silikanakhoza mayeso athu. Linali malo osangalatsira maso a anthu ndi chuma chotengedwa kwa eni ake.

Ndalama zimalowa bwanji, zimatuluka bwanji

Lero bungweli lili ndi makola awiri. La ku London ndi laling'ono, pafupifupi mahekitala 15. Lina lili kumudzi, ku Whipsnade. Linatsegulidwa mu 1931, ndipo ndi lalikulu, pafupifupi mahekitala 240. Bungweli lilinso ndi nyumba ya akatswiri ofufuza za nyama, ndiponso antchito ake ena ali m'maiko akutali, kuteteza nyama kwawo komwe.

Zonsezi zimafuna ndalama. Gawo lalikulu limachokera kwa alendo: tikiti ya pa chipata, chakudya chimene amagula m'katimo, tinthu ta m'sitolo, ndi msonkho wa mamembala wa pachaka. Gawo lina ndi mphatso. Anthu ena amalemba asanamwalire kuti gawo la chuma chawo lidzapite ku bungweli. Palinso ndalama zimene mabungwe amapereka kuti zigwire ntchito imodzi yokha, monga kafukufuku. Ndalama zoterezi zili ngati ndalama zathu za mbewu. Sungatapeko kuti ukagulire mchere, ngakhale mchere utasowa m'nyumba. Boma la kumeneko silipereka ndalama chaka ndi chaka zodyetsera nyama za m'makolamo.

Nanga zotuluka? Chakudya cha nyama. Malipiro a abusa ake. Madokotala a nyama ndi mankhwala. Ndipo pali china chimene ife kuno sitingachiganize msanga: kutenthetsa nyumba. Dziko lija ndi lozizira kwambiri kuposa Angónia mwezi wa June. Ng'ona ndi njoka za kumaiko otentha sizingapirire. Ndiye magetsi amayaka usana ndi usiku. Palinso nyumba zakale zimene lamulo limaletsa kugumula chifukwa ndi za mbiri. Nyumba ya anyamalikiti inamangidwa mu 1837, ndipo anyamalikiti akadali momwemo. Dziwe lina lokongola linamangidwa mu 1934 kuti muzisambira mbalame za kunyanja zotchedwa penguin. Mbalamezo anazichotsamo mu 2004 poona kuti malowo sakuziyenera, koma dziwe lili chiimire, ndipo limafuna kusamalidwa.

Tsopano taonani vuto lake. Ndalama zolowa zimadalira alendo. Ndalama zotuluka sizidalira alendo. Khasu ukhoza kulipachika pa denga miyezi itatu, silidandaula. Sitolo ukhoza kuitseka. Koma mkango umadya, kaya pabwere alendo 10,000, kaya pasabwere ngakhale mmodzi.

Ife zimenezi timazidziwa. Kopelativa ina imene tinaphunzitsako kale inasonkha ndalama n'kugula ng'ombe ziwiri zolimira ndi pulawo. Tsiku limenelo kunali nthungululu. Mtengo wa ng'ombe anaulemba bwino. Koma palibe amene analemba mtengo wa mankhwala a nkhupakupa, wa mchere, wa zingwe, ndi wa mnyamata woweta. Dzinja lachiwiri ng'ombe imodzi inadwala, m'bokosi mulibe kanthu. Inafa. Yotsalayo siikanakoka pulawo yokha, anaigulitsa motchipa. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Wogula chamoyo wagula ngongole ya tsiku ndi tsiku.

Katatu khola linatsala pang'ono kugwa

Koyamba kunali mu 1939, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itayamba. Anaopa kuti bomba likagwa, njoka zaululu zidzathawira mumzinda. Anazipha. Nyama zina anazisamutsira ku Whipsnade. Alendo anachepa, chakudya chinadula. Ndiye anapempha anthu kuti aliyense asankhe nyama imodzi, azilipira chakudya chake.

Kachiwiri ndiko kanaopsa kwambiri, pakuti kunalibe nkhondo. Anthu anangoleka kubwera. Mu 1950 alendo anali pafupifupi 3 miliyoni. Pofika 1990 sankakwana ngakhale theka lake. Ena ankaonera nyama pa wailesi yakanema ali m'nyumba. Ena ankanyansidwa kuona chimbalangondo chikungozungulira pa simenti tsiku lonse. Mu 1988 boma linapereka mapaundi 10 miliyoni, n'kunena kuti ndi kamodzi kokha. Sizinakwanire. Mu 1991 bungwe linalengeza kuti khola la ku London litsekedwa. Apo anthu anadzidzimuka. Anabwera ambiri, ena anatumiza ndalama. Mu 1992 mfumu ya dziko la Kuwait inapereka mapaundi 1 miliyoni. Khola linapulumuka, koma linachepetsa nyama ndi antchito, ndipo linayamba kuika patsogolo ntchito yoteteza mitundu ya nyama imene ikutha.

Apa pali chinthu choti tichione bwino. Chimene chinasintha khola si mtima wabwino wa akuluakulu ake wokha. Ndi anthu wamba amene anakana kulipira kuti aone nyama zozunzika. Wolipira pa chipata ali ndi mawu.

Kachitatu tonse tikukukumbukira. Mu March 2020 matenda a Covid-19 anatseketsa chipata pafupifupi miyezi itatu, ndipo pambuyo pake chinatsekedwanso. Tikiti sinagulidwe ngakhale imodzi, koma abusa ankabwera m'mawa uliwonse ndi ndowa za chakudya. Bungwe linapemphanso kwa anthu. David Attenborough, nkhalamba yodziwika ndi mafilimu a nyama, anathandiza kupempha. Chakudza sichiimba ng'oma. Bungwe lodalira chipata chimodzi lili ngati mlimi wa fodya yekhayekha. Mtengo ukagwa, pakhomo palibe chogwira.

Mawu a agogo

Tibwerere kwa agogo aja. Titawafotokozera zonsezi anapukusa mutu. Anati, "Ana inu, mvuu inandithera dimba lonse usiku umodzi. Ndiye mukuti kwina anthu amasonkha ndalama kuti mvuu idye?" Mayi wina anawonjeza kuti, "Mkango wa mumpanda ndi mkaidi. Unalakwa chiyani?"

Mafunso awiriwa si opusa, ndipo sitiwayankha mothamanga.

Mayi aja akunena zoona, mbali yaikulu. Njovu ya kutchire imayenda mtunda wautali tsiku limodzi, ili ndi abale ake. Mahekitala 15 a pakati pa mzinda, ogawana ndi nyama zina zonse, si malo a njovu. Bungwe lenilenilo linavomera, ndipo mu 2001 njovu zomaliza zinachoka ku London kupita ku Whipsnade. Kumeneko kuli udzu ndi malo okulirapo. Komabe ife sitikhulupirira kuti njovu ya mumpanda imakhala monga njovu iyenera kukhalira. Khola likamasunga nyama yaikulu chifukwa choti ndiyo imakoka alendo, linene poyera kuti nyamayo ikugwirira ntchito zinzake. Lisanamizire kuti ikusangalala.

Koma pali mbali ina, ndipo mlimi ndiye angaimve msanga kuposa munthu wa m'tauni. Mukakolola, mumasankha zitsononkho zabwino za chimanga cha makolo. Simuzidya. Mumazipachika pa utsi. Miyezi yonseyo mbewu ija siikudyetsa munthu. Mwana akhoza kufunsa kuti, bwanji tikusunga chimanga ife tili ndi njala? Yankho lake limaoneka mvula ikagwa.

Khola labwino ndi mbewu ya pa utsi. Nachi chitsanzo. Kumpoto kwa Africa, m'mphepete mwa chipululu cha Sahara, kunali nyama yonga mphalapala, yoyera, ya nyanga zazitali zokhota ngati zenga. Dzina lake ndi oryx. Alenje a mfuti ndi magalimoto, chilala ndi nkhondo zinaitha. Mu 2000 akatswiri analengeza kuti kutchire kulibenso ngakhale imodzi. Zinatsala za m'makola zokha. Boma la Chad ndi la Abu Dhabi anagwirizana. Anasonkhanitsa gulu la nyamazi kuchokera m'makola osiyanasiyana, la ku Whipsnade lili pomwepo. Mu 2016 anayamba kuzimasula ku Chad. Zinaswana kutchire. Akatswiri a ZSL anathandiza kuzilondola ndi kuziwerenga. Mu December 2023 nyamayi inachotsedwa pa mndandanda wa nyama zotha kutchire. Mbewu inabwerera m'munda.

Chitsanzo china chikutikhudza ife alimi. Mukuidziwa nkhono yaikulu ija imene imatuluka mvula ikagwa. Kwawo ndi kuno kum'mawa kwa Africa. Anthu anaitengera ku zilumba za Tahiti ndi Moorea, pakati pa nyanja ya Pacific, ndipo inayamba kuononga minda. M'zaka za m'ma 1970 akuluakulu anabweretsa nkhono ina yodya nkhono zinzake, kuti ithe yaikuluyo. Koma iyo inasiya yaikulu ija, n'kuyamba kudya tinkhono tating'ono ta m'mitengo ya komweko, totchedwa Partula. Mitundu yambiri inatheratu. Akatswiri anatola totsalato n'kukatisunga m'mabokosi ku London ndi m'makola ena. Kuyambira 2015 akhala akutibweza kwawo, tambirimbiri. Palibe mlendo amene amalipira tikiti kuti akaone kankhono kochepa ngati chikhadabo. Amalipirira mkango. Ndalama ya mkango ndiyo imadyetsa kankhono. (Ndipo munthu akabwera ndi mankhwala achilendo, nati awa atha tizilombo tonse m'munda, kumbukirani nkhono ya ku Tahiti. Yesani kaye pa mizere iwiri.)

Pa funso loyamba lija, ndiye kuti khola la ku London la lero likukhoza, ngakhale si pa nyama iliyonse.

Koma tisakokomeze. Mu 2024 ZSL ndi bungwe la WWF anatulutsa chiwerengero chawo. Anapeza kuti magulu a nyama zakutchire amene akhala akuwerengedwa kuyambira 1970 mpaka 2020 achepa, pa avereji, ndi 73 pa 100 alionse. Palibe khola limene lingasunge zonsezo. Mbewu ya pa utsi ndi zitsononkho zochepa. Munda ukakokoloka, mbewu udzaibzala pati?

Onani kwathu konkuno. Ku Gorongosa, m'chigawo cha Sofala, nkhondo imene inatha mu 1992 inapha nyama zazikulu zoposa 90 pa 100 zilizonse. Mu 2008 boma linasaina pangano la zaka 20 ndi bungwe la Greg Carr, nalonso losagwirira ntchito phindu, kuti akonzenso pakiyo. Njati zina zinabwera kuchokera ku paki ya Kruger mu 2006. Mimbulu inabwera kuchokera ku South Africa mu 2018. Sizinachokere m'makola a ku Ulaya. Zinachokera ku tchire lina. Ndipo nyama zambiri zinangoswana zokha zitapeza mtendere. Pamwamba pa izo, pakiyo inayamba ntchito ndi alimi oyandikana nayo: khofi pa phiri la Gorongosa, ndi ming'oma ya njuchi yomangidwa ngati mpanda, pakuti njovu imaopa njuchi. Munda umatetezeka, uchi n'kugulitsidwa.

Apa ndi pamene pali yankho la agogo. Mlendo wa ku London amaona mvuu ola limodzi, n'kupita kwawo kukagona. Agogo amagona nayo. Amene amalipira mtengo weniweni wa nyama zakutchire ndi mlimi wa m'mbali mwa mtsinje. Choncho bungwe lililonse lonena kuti limakonda nyama, kaya la ku London, kaya la kuno, tilifunse kuti: pa ndalama zanu zonse, ndi zingati zimafika kumene nyama ndi anthu akulimbirana dimba limodzi? Ku Tete kuno maganizo amenewa si achilendo. Pakati pa zaka za m'ma 1990 ku Mágoè kunayamba ntchito ya Tchuma Tchato, kutanthauza chuma chathu, yoti midzi izilandirako gawo la ndalama za nyama. Ndipo lamulo la dziko lathu limati 20 pa 100 ya misonkho ya nkhalango ndi nyama izipita kwa anthu a m'deralo. Koma kuti mudzi ulandire, umafunika komiti yolembetsedwa ndi buku la ku banki. Mudzi wopanda owerenga, ndalama yake imawerengedwa ndi ena.

Kuwerenga nkhono

Latsala funso lachiwiri, la buku. Apa ndiye khola la ku London latigometsa.

Chaka chilichonse, mwezi wa January, abusa amatenga mapepala ndi mapensulo n'kuwerenga nyama zonse. Zonse ndithu. Mkango ndi wosavuta. Koma amawerenganso achule, nsomba ndi tinkhono tija. Lamulo la chilolezo chawo limafuna zimenezo. Chiwerengerocho amagawana ndi makola a m'maiko ena, kuti adziwe kuti yaimuna ili kuti, yaikazi ili kuti, ndi kuti zapachibale zisakwerane. Mwezi wina amayeza nyamazo pa sikelo, pakuti nyama yodwala imabisa matenda, koma sikelo siinama.

Ndalama nazonso amatero. Ku England bungwe lililonse lalikulu la mtundu umenewu limatumiza buku lake la ndalama chaka ndi chaka ku ofesi ya boma yotchedwa Charity Commission. Bukulo limayamba laonedwa ndi owerengera ndalama a kunja, osati a m'bungwemo. Kenaka limaikidwa poyera pa intaneti. Munthu aliyense akhoza kuona kuti zinalowa zingati, zinatuluka zingati, zatsala zingati. Safunsidwa kuti ndiwe yani.

Buku lotseguka silinaletse mavuto a 1991 kapena a 2020. Koma pamene bungwe linalira kuti ndalama zatha, anthu anali ndi poyang'ana kuti aone ngati likunena zoona. Munthu amasonkha mosavuta akadziwa kumene ndalama yake ikupita.

Ife tili ndi mbuzi za kopelativa. Ndani pakati pathu anganene lero, osafunsa mnzake, kuti zilipo zingati, zazikazi zingati, zinafa zingati chaka chatha? Ndani anaonapo ndi maso ake tsamba la ndalama za kachewere? Sitikunena kuti msungichuma wathu ndi wakuba, iyayi. Ndi munthu wokhulupirika, ndipo iyenso amalemedwa kusenza manambala onse yekha. Kale tinkati sitidziwa kuwerenga. Tsopano tikudziwa.

Tagwirizana ndi komiti kuti Loweruka likubwerali phunziro la masamu lidzachitikira ku khola la mbuzi, dzuwa lisanakwere, mbuzi zisanatuluke. Aliyense abwere ndi kope ndi pensulo. Tidzawerenga atonde paokha, zazikazi pazokha, ana paokha. Tikatero tidzakhala pansi pa mtengo, msungichuma adzabweretsa buku, ndipo tidzalemba pa bolodi mizere iwiri: zolowa ndi zotuluka. Mzere wa mankhwala a ziweto tidzauyamba tsiku lomwelo, ngakhale ndi ndalama zochepa. Agogo aja avomera kudzagwira chitseko cha khola, kuti mbuzi zizituluka imodziimodzi.